Mandimu ndi Madzi a Munthu Mmodzi

Kuseri kwa nyumba yanga, kufupi ndi Katondwe, kuli kangalande kamene kamachoka pabafa n'kukathera patsinde pa mtengo wa mandimu. Ndinakakumba ndekha ndi khasu lakutha, ndipo m'mbali mwake ndinayalamo zidutswa za njerwa kuti nkhuku zisamakagumule. Kwa zaka zambiri kangalandeko sikanaumepo. Mtengowo anaubzala ndi mkazi wanga, amene tsopano anatisiya, ndipo zimene ndikulemba pano ndi za nyengo imene ndinatsala pang'ono kuutaya.

Ndinafika kuno ndili mnyamata, nditangotenga dipuloma ya zaulimi, kudzagwira ntchito ya ulangizi m'midzi. Mkazi wanga anali wa banja lochokera kutsidya, ku Zumbo. Anakulira kuno, koma amayi ake atakalamba anabwerera kwawo. Titamanga nyumbayi iye anapita kukawaona, ndipo pobwera ndinakamuchingamira padoko, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Anatsika m'bwato atafukata chitini cha mafuta ophikira, m'mene munali kambande ka mandimu ka masamba owerengeka. Thumba la nsomba zouma anandipatsa kuti ndinyamule, koma chitinicho sanachisiye. M'lole monse, mpaka tinafika kunyumba, chinali pamiyendo pake.

"Mayi, mwavutika chabe," ndinamuuza. "Mandimu sagwirizana ndi mchere, ndipo madzi a pampu yathu mukuwadziwa. Ndikupezerani nimu, kapena masau."

"Masau amabzalidwa ndi mbuzi, popanda wozipempha," anayankha. "Nanga nimu wanuyo, mudzamufinyira pansomba?"

"Chimene tikufuna pakhomo ndi mthunzi."

"Mthunzi ndi wanu, alangizi. Ine ndikufuna fungo la kwa amayi."

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake ndinkakayika, pakuti sindinkatsutsa mwamwano. Dziko lathu lino ndi lotentha, ndipo m'chilimwe madzi ndi chinthu chimene munthu amachiganizira kuyambira podzuka. Pano palibe amene amathira madzi oyera pamtengo. Madzi amagwira ntchito kawiri kapena katatu asanafike pansi: amayamba asambitsa mwana, kenako achapa matewera, ndipo pamenepo m'pamene amatayidwa. N'chifukwa chake kuseri kwa bafa la nyumba iliyonse mumapezako chinachake chobiriwira, kaya nthochi kaya papaya. Koma madzi a pampu yathu ali ndi kamchere kake. Ndowa ikauma imatsala ndi mzere woyera, wofanana ndi umene umatsala pamalaya a munthu amene wapalasa njinga masana. Pamwamba pa mchere umenewo pamabwera wa sopo, makamaka sopo wa ufa. Mchere wa sopo si uja wa m'ndiwo, koma kwa nthaka ndi woipa koposa, chifukwa umamata dothi mpaka madzi amalephera kulowa. Tsono dzuwa limatenga madzi n'kusiya mchere. Mitengo ina imapirira zimenezi. Nimu amapirira, masau amapirira, bwemba nayenso amayesetsa. Mandimu ndi mango sizipirira: masamba amayamba kupsa kunsonga ndi m'mphepete, kenako amathothoka.

Popeza mkazi wanga sanagonje, ndipo inenso sindinkafuna kuona kambandeko kakufa, tinapangana zogawa madzi a panyumba. Oyamba ochapira, aja a thovu lambiri, ankapita kumpanda, kumene ndinabzala nimu pafupi ndi masau omera okha. Otsukira mbale, a mafuta ndi phulusa, ankapita kudzenje. Mandimu ankalandira madzi osamba, odzera m'kangalande kaja, ndiponso otsukuluza zovala, amene sopo wake amakhala atachepa. Nimu atakula ndinamanga pansi pake mwala wochapira wa simenti, ndi kumangirira mawaya oyanikira. Mkazi wanga ankatcha dongosolo limeneli malamulo a boma, ndipo mlendo akafika ankamuchenjeza moseka kuti pakhomo pano munthu akataya madzi molakwika amakayankha kwa alangizi. Komabe ankalisunga kuposa ine.

Mumtima ndinkayembekeza kuti mtengowo ukhala zaka zochepa chabe. Koma unakula, unapitirira denga la khichini, ndipo unayamba kubala. Nthawi imeneyo nyumba inali yodzaza. Panali ana athu, panalinso ana a abale ochokera kumidzi yakutali amene ankakhala nafe kuti aphunzire pasukulu za mishoni. M'mawa uliwonse pabafa pankakhala mzere, wina akugogoda ndi kapu pandowa kuti wam'kati afulumire. Loweruka linali tsiku lochapa: mayunifomu, mabulangete, zitenje, nsalu za patebulo za ku tchalitchi zimene mkazi wanga ankadziperekera kuchapa. Atsikana ankapita kupampu ndi kubwera mpaka makosi kuwawa, ndipo pofika masana pansi pa mandimu pankakhala chithaphwi chimene abakha a aneba ankachidziwa bwino.

Ndinafuna kumvetsa chifukwa chake mtengo wosapirira mchere unkakondwa chotero. Tsiku lina ndinakumba kadzenje pafupi ndi mizu, kakuya ngati mkono wanga, ndipo ndinapeza dothi lonyowa mpaka pansi, lofewa, lopanda choyera chilichonse. Mzere woyera ndinaupeza kutali, kumalire kumene chinyontho chinkathera. Apo ndinazindikira kuti zimene tinaphunzira kukoleji zinkachitika pakhomo panga: madzi akakhala ochuluka, ngakhale ali ndi mchere, amakankha mchere wakale kuupititsa pansi ndi kumbali, kutali ndi mizu. Choopsa si madzi amchere okha ayi, koma madzi amchere ochepa. Ndinafotokozera mkazi wanga ali pamphasa, akupala mamba a nsomba.

"Ndiye buku lanu likuti tibereke ana ambiri?" anafunsa osatukula mutu.

"Likuti tizisamba kwambiri."

"Kauzeni mwana wanu wachiwiri uja. Amathawa madzi ngati mbuzi."

Malo amene ankakhala ponena mawu amenewa ndimawaona mpaka lero. Nthambi imodzi yaikulu inapendekera kukhomo la khichini, ndipo iye ankayala mphasa pansi pake. Akafuna ndimu sankaimirira, ankangotambasula dzanja. Kathiridwe kake ka madzi nakonso kanali kakekake. Ana ankangokhuthula beseni patsinde n'kuthawa, koma iye ankazungulira mtengo pang'onopang'ono, beseni lili m'chiuno, akuthira mozungulira kumene masamba amathera, uku akuulankhula m'Chikunda, chinenero cha kwawo, ngati akudzudzula mwana waulesi. Mandimu ake ankapita kulikonse: pansomba, m'tiyi wa munthu wa chimfine, m'thumba la mlendo wobwerera kwawo.

Ana anakula n'kumachoka mmodzimmodzi, ena ku Lusaka, ena ku migodi. Ana a abale anasiya kubwera sukulu zitamangidwa kufupi ndi kwawo. Tinatsala awiri, ndipo ine ndinapuma pantchito. Mtengo unachepetsa zipatso, koma unali bwino, chifukwa mkazi wanga sankatha kukhala osachapa kanthu. Kenako anadwala, matenda a miyezi ingapo, ndipo anamwalira kumayambiriro kwa chilimwe.

Pali chinthu chimodzi cha pamaliropo chimene sindinachiuzepo ana anga. Anthu anabwera ambiri, a kuno ndi a kutsidya, ndipo achibale anakhala masiku ndithu, monga mwa mwambo. Onsewo ankasamba, ankachapa, ndipo kangalande kanayenda usana wonse monga kale. Anthu atabalalika, mtengowo unatulutsa maluwa ochuluka kuposa chaka china chilichonse chimene ndikukumbukira. Fungo linalowa m'nyumba monse. Azimayi a ku tchalitchi anati ndi malemu akutsanzika, ndipo sindinawatsutse. Ine ndinkadziwa kuti anali madzi a anthu a pamaliro. Koma kudziwa kumeneko sikunandithandize. M'mawa ndinkatsegula chitseko, fungo n'kundipeza, ndipo ndinkabwerera kukakhala pabedi.

Kuyambira pamenepo mtengo unayamba kukhalira madzi a munthu mmodzi. Nkhalamba yokhala yokha imasamba ndowa yosadzaza, ndipo zovala zake zochapa sizidzaza beseni. Madzi anga ankafika pakati pa kangalande n'kumwerera. Chaka choyamba mvula inagwa bwino ndipo inabisa vutolo. Chaka chachiwiri mvula inavuta, inabwera mochedwa n'kuthanso msanga, ndipo pofika mwezi wa Ogasiti ndinaona nsonga za masamba zitayamba kufiira ngati zawauka ndi moto.

Sindinafune kuthamangira yankho limene ndinkaliopa, choncho ndinayamba ndi zifukwa zina. Ndinafukula patsinde kufuna chiswe, koma sindinachipeze. Ndinayang'ana kunsi kwa masamba ngati kuli tizilombo tomata. Tinalipo tochepa, tosakwanira kupha nthambi. Khungwa linali lathunthu, mbuzi sizinalikhudze. Njala ya chakudya cha m'nthaka imasandutsa chikasu tsamba lonse kapena pakati pa mitsempha yake, pamene awa ankapsa kuchokera m'mphepete, akale poyamba. Potsiriza ndinagwada n'kuyang'ana dothi. Linali ndi chikhungu choyera, cholimba ngati mbale, osatinso kumalire akutali kuja koma patsinde penipeni. Ndinathira kapu ya madzi, ndipo anaima pamwamba osalowa. Ndinanyambita pang'ono chala, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mchere wonse umene banja langa linaukankhira kutali pa zaka zambiri unali kubwerera, ukukwera ndi dzuwa, ndipo madzi anga ochepawo ankangowonjezera wina pamwamba.

Kumpanda nimu anali wobiriwira, masau akugwetsa zipatso zimene ana odutsa ankatola. Mitengo imeneyo ndi imene ndinailimbikitsa ndekha, ndipo inachita monga ndinanenera. Koma masiku amenewo sindinkafuna kuiyang'ana.

Mankhwala ake ndinkawadziwa: madzi ambiri, othiridwa mobwereza, mpaka mchere utatsika. Funso linali la kumene ndingawatenge. Mtsinje uli patali kwa munthu wa maondo ngati anga, ndipo pamadoko ake pali ng'ona. Kupampu, m'miyezi yotentha, madzi amatuluka pang'onopang'ono, ndipo azimayi amafika kusanache kudzaika zigubu pamzere. Ndinayesa kamodzi kutunga zigubu zoonjezera panjinga. Palibe anandinena, koma mayi wina amene anali kumbuyo kwanga, mwana ali kumsana, anafunsa mwaulemu ngati kunyumba kwafika alendo. Ndinalephera kumuuza kuti ndikutungira mtengo. Sindinabwerezenso. Ndinachita zimene ndikanatha: ndinapala chikhungu choyera chija n'kukachitaya kutali, ndinasakaniza dothi ndi manyowa a mbuzi owola bwino, ndinaphimba pansi ndi udzu wouma kuti dzuwa lisamafike, ndinasiya sopo wa ufa n'kumachapa ndi wa mtanda. Aneba anandilangiza kuthira phulusa, koma ndinakana, chifukwa phulusa likanangowonjezera vuto. Zonsezi zinachedwetsa imfa, koma sizinaibweze. Nthambi ya kukhomo la khichini ndiyo inayamba kuuma, popeza inali mbali ya dzuwa la masana. Nditaikanda ndi chikhadabo n'kupeza kuti m'kati mulibe chobiriwira, ndinatenga sowo n'kuidula. Sindinaisonkhere moto. Ili patsindwi la khola mpaka lero.

Masiku omwewo mlamu wanga, mng'ono wa malemu amene amakhala ku Zumbo, anatumiza mawu kudzera mwa wogulitsa nsomba, kupempha mandimu a mbewu. Anati mtengo wa apongozi, umene kambande kaja kanachokerako, unafa kale, nyumba yawo itasiyidwa yopanda munthu. Motero ndinadziwa kuti wanga ndiwo unatsala wokha wa mtundu umenewo, ndipo unalibe ngakhale chipatso chimodzi choti nditumize.

Mwana wanga wamkazi woyamba, amene ali ku Lusaka, anali atayamba kale kundikakamiza kuti ndikakhale naye. Nditamuuza za mtengo pafoni, anaona mpata.

"Atate, mtengo ndi mtengo. Bwerani kuno, chipinda chilipo. Mandimu timagula pamsika, odzaza pulasitiki."

"Ndikachoka, adzauthirira ndani?"

"Nanga si mwanena nokha kuti ukuuma inu muli pomwepo?"

Ananena zoona. Tinagwirizana kuti mtengowo ukafa mvula isanagwe, nditseka nyumba n'kupita. Iye anaona ngati wapambana, ndipo ine ndinkaganiza chimodzimodzi.

Tsiku lina m'mawa, mu Okutobala, ndinamva odi pachipata. Anali mayi wa msinkhu wapakati, wamfupi, mtolo wa zovala uli pamutu. Anati ndi wa ku Mburuma, ndipo amadikirira amuna ake amene anagonekedwa pachipatala cha mishoni atathyoka mwendo pogwa ndi njinga ya makala.

"Ambuya, akuti pano pali mandimu. Odwala anga pakamwa pawo palibe chokoma, akungofuna chowawasa."

Ndinapita naye kuseri kuti adzionere yekha. Anayang'ana mtengowo kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Uwu ndi mtengo, kapena ndi nkhuni zimene mwaiwala kutola?"

"Unali mtengo, mayi."

"Pepani. Pakamwa panga pamathamanga." Maso ake anali atafika kale pamwala wochapira, pansi pa nimu. "Nanga apa amachapirapo ndani?"

"Palibe."

"Mwala wonsewu, mthunzi wonsewu? Ife kupampu atiletsa kuchapira pafupi, akuti tikuipitsa madzi. Kumtsinje ndikapita, amuna anga adzatsala ndi mwendo umodzi komanso opanda mkazi. Mundilole ndichapire pano, madzi nditunga ndekha."

Ndinamulola, ndipo sindinaganize china chilichonse koma kumuchitira chifundo. Anapita kupampu n'kubwera ndi mnzake, aliyense chigubu pamutu. Ine ndinakhala pakhonde. Phokoso la chovala chomenyedwa pamwala ndinali nditaliiwala, ndipo litayamba ndinapeza kuti ndasiya kuwerenga, ndikungomvetsera. Kenako ndinamuona atanyamula beseni la thovu akulunjika kumandimu, mwina pofuna kundibwezera ulemu.

"Iyayi, mayi! Amenewo kunimu!"

Anaima, beseni lili m'manja. "Madzi otaya ali ndi kwawo pano?"

"Oyamba amapita kumpanda. Otsukuluza ndiwo abwere kuno, ndipo musathire patsinde, muzungulire."

"Imva, mnzanga," anauza mnzakeyo. "Ndakhala pabanja mpaka imvi, sindinauzidwepo kotayira madzi. Ambuya, akazi anu ankapirira zimenezi?"

"Ankati ndi malamulo a boma."

"Anali munthu wabwino. Ine ndikanakuthirani inuyo."

Anaseka onse awiri, koma anachita monga ndinanenera. Anatsukuluza kawiri, chifukwa zovala za kuchipatala amafuna zisanunkhe sopo, ndipo pochoka anali atathira pansi pa mandimu madzi amene ine sindikanawakwanitsa pa sabata yathunthu.

Madzulo ake ndinakhala pansi n'kuiganizira mbali zonse nkhani yolola odikirira odwala onse kuti azichapira pakhomo panga. Odikirira odwala amakhalapo nthawi zonse, amachokera kutali, ndipo amachapa tsiku lililonse. Madzi amawatunga kale, ine ndisanawapemphe. Sindikanalanda wina aliyense malo pamzere. Zoopsa zinalipo zitatu. Choyamba, anthu ambiri amabweretsa sopo wambiri, ndipo dongosolo likasokonekera mtengo ukanafa msanga kuposa kale. Chachiwiri chinali matenda: nsalu zodetsedwa kwambiri ndi odwala, ndi zonse zoviikidwa m'mankhwala oyeretsa, sizikanayenera kuyandikira mtengo kapena khichini. Pa zimenezi ndinaganiza zokumba dzenje lina lakuya kuseri kwa khola. Chachitatu chinali pakamwa pa anthu, pakuti mwamuna wamasiye amene pakhomo pake padzaza azimayi sasowa womuyimbira nyimbo. Ndinapita kwa aneba anga, mayi wachikulire wa m'bungwe la azimayi ku tchalitchi, amene anali mnzake wa malemu, n'kumufotokozera zonse. Anavomera kuti azibwera kudzakhala nawo, ndipo anati za pakamwa pa anthu ndimusiyire iye.

Sindinalengeze kulikonse. Mayi wa ku Mburuma uja ndiye anafalitsa, ndipo sabata isanathe pamwala pankakhala anthu kuyambira m'mawa. Bafa nalonso ndinalitsegula, nditakonza mpanda wake. Malamulo ankaphunzitsana okha, wakale kuuza watsopano, ndipo ankawonjezera zawo. Ndinamva wina akuuza mnzake kuti mtengowo ndi wa mizimu ndipo ukauthira thovu umatupa manja. Ndinatuluka kukakonza nkhaniyo, koma anandiuza kuti ndisiye, chifukwa ya mizimuyo imagwira ntchito msanga kuposa ya mchere. Ankandiseka poyera.

"Ambuya atsegula mwala kuti asankhepo mkazi. Akuyang'ana wodziwa kutsukuluza."

"Ndiye iwe walephera kale. Taona kolala ya malaya ako."

"Asiyeni ambuya, ali ndi mkazi kale. Si uyu tikumuthirirayu?"

Amene ananena mawu omalizawa anali mtsikana wodikirira amayi ake, ndipo ankangocheza. Mmodzi wa anzake anafulumira kuyambitsa nkhani ya kudula kwa nsomba.

Ndinkayang'anira nthaka monga ndinkachitira ndi minda ya alimi. Poyamba madzi ankaima, ndipo ndinkabaya timabowo ndi chitsulo kuti alowe. Patapita masabata angapo anayamba kulowa okha. Mzere woyera unayamba kuonekanso kutali, kunja kwa udzu wophimbira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaupala. Masamba akale anapitiriza kugwa, moti panali nthawi imene mtengo unaoneka woipa kuposa kale, ndipo ndinayamba kusanja mabuku anga m'makatoni. Koma kumapeto kwa Novembala, mitambo itangoyamba kusonkhana kumapiri a kutsidya, ndinaona timasamba tatsopano panthambi za kum'mawa. Ndinadikira kuti tikule ndisananene kanthu, chifukwa tsamba lanthete limatha kutuluka bwino n'kupsa pambuyo pake. Tinakula, m'mphepete mwake muli mobiriwira mpaka kunsonga. Kenako mvula inagwa, n'kumaliza ntchito imene azimayi aja anaiyamba.

Mayi wa ku Mburuma sanaone zimenezi. Amuna ake anatulutsidwa masamba asanaphuke, ndipo anabwera kudzatsanzika atakwera lole ya makala yobwerera. Anandiuza kuti nkhuni zangazo zikadzabala ndimukumbukire. Sindinamuonenso, ngakhale ndinafunsa kwa anthu a kumeneko.

Mwana wanga anabwera pa Khirisimasi. Anapeza mawaya odzaza zovala za anthu osawadziwa, ndi makatoni a mabuku ali pakona, ena otsegulidwanso. Anazungulira mtengo, nagwira pachipsera pamene ndinadula nthambi ija.

"Apa ndi pamene amayi ankakhala," anatero.

"Pomwepo."

"Ndiye chipinda chija ndipatse wina?"

"Uchisunge. Koma si chaka chino."

Sananditsutse. M'mawa mwake ndinamuona atatenga beseni kwa mmodzi wa azimayiwo, akuzungulira mtengo, ndipo ndinalowa m'nyumba, chifukwa kuyenda kwake ndi kwa amayi ake.

Zipatso zoyamba zinali zochepa ndi zazing'ono, za khungu lokhuthala. Zina ndinapatsa odikirira odwala. Zakupsa bwino ndinazisunga, ndipo wogulitsa nsomba uja atabwera ndinamupatsa kuti akapereke kwa mlamu wanga ku Zumbo, pamodzi ndi mawu akuti adzabzale kuseri kwa bafa la nyumba imene muli ana ambiri.

Mtengo uli moyo, koma ndi wopendekera mbali imodzi, ndipo sindikhulupirira kuti udzabwezanso nthambi kukhomo la khichini. Mtengo wa msinkhu umenewu suphukira kawirikawiri pachipsera chakale. Ndikudziwanso kuti moyo wake uli m'manja mwa anthu odutsa, amene amabwera chifukwa wina wawo wadwala ndipo amachoka akachira kapena akamwalira. Nkhope zimasintha mwezi uliwonse. M'mawa, ndikadali m'nyumba, ndimamva madzi akuyenda m'kangalande ndi beseni likukhuthulidwa, ndipo nthawi zina wothirayo amachita pang'onopang'ono, mozungulira. Pamenepo ndimachedwa kutsegula zenera. Ndikatuluka ndimapeza mlendo, amandipatsa moni mwaulemu, ndipo ndimamufunsa za odwala ake. Kenako ndimatenga mpando n'kukakhala pakhomo la khichini. Dzuwa limafikapo molawirira tsopano, ndipo azimayi amandiitana kuti ndisamukire kumthunzi wa nimu. Ndimawauza kuti ndibwera, koma ndimakhalabe pomwepo mpaka kutentha kutandichotsa.